Tsache louluka la magolide 500, ndi mmene linandiphunzitsira malonda a zida zamatsenga mu D&D

Mlamu wanga analitenga pepala lija, n'kuyendetsa chala kuchokera pamwamba kutsika nacho, ndipo chinakaima chapakati. "Alamu, tsacheli ndi 500 basi?" Anafunsa ndi mawu ozizira aja amene amafunsira mtengo wa nsapato ku msika wa Tsoka akaona kuti wogulitsayo sakudziwa chimene wanyamula. Ine ndinati eya, ndi 500. Ndinayankha monyadira ndithu, poti pepalalo ndinali nditalilemba ndekha usiku wa Lachisanu, mndandanda wa katundu wa sitolo yatsopano imene ndinatsegula m'tauni ya m'nthano yathu: malupanga, mphete, mikanjo, timabotolo ta mankhwala, chilichonse ndi mtengo wake pambali ngati pa golosale.

Kwa amene simunaseweleko, Dungeons & Dragons ndi masewera a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Munthu mmodzi amayendetsa nthano, timamutcha DM, ndipo ena onse aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo n'kumamulankhulira ndi kumusankhira zochita. Pakakhala kukayika ngati chinthu chitheke kapena ayi, dayisi ya mbali 20 ndiyo imagamula. Nthano imodzi imatha miyezi kapena zaka, ndipo imeneyo ndiye kampeni, osati ya misonkhano ndi nsalu zachipani ija. Ine ndinaphunzira gemuyi kwa anzanga a kuntchito ndili ku Johannesburg, ndipo pobwerera ku Lilongwe ndinabwera ndi kathumba ka madayisi. Timasewera Loweruka masana pakhonde, anthu anayi ndi ine wachisanu, zitsekerero za mabotolo zikuimira anthu ndi zilombo. Matsenga ake ndi a papepala. Ndikunena zimenezi chifukwa tsiku lina apongozi anga akudutsa ndi beseni la zochapa anamva msuweni wanga akukuwa kuti "ndakwera tsache, ndanyamuka!", ndipo madzulo ake anamufunsa mwana wawo mwakachetechete ngati pakhomo pano timapempherabe.

Sitolo ija sindinangoitsegula. Anthu anga anali atafika levulo 5 (levulo ndi msinkhu wa mphamvu za munthu wa m'nthano), atapeza chuma m'phanga lina, ndipo anali ndi magolide, ndalama za m'gemuyi, opitirira pang'ono 2,000 opanda chogula. Ndinatsegula buku la DM la mu 2014 n'kupeza tebulo limene limagawa zida zamatsenga malinga ndi kusowa kwake. Za common zili pakati pa 50 ndi 100, za uncommon 101 mpaka 500, za rare 501 mpaka 5,000, za very rare mpaka 50,000, ndipo za legendary kupitirira apo. Ndinati basi, mitengo ndi imeneyi. Chimene sindinawerenge bwino ndi ndime ina ya m'buku lomwelo yonena kuti, pokhapokha DM atasankha mwina, zida zambiri zamatsenga n'zosowa kwambiri moti sizipezeka pa malonda. Tebulolo si la mitengo ya pa shelefu. Ine ndinalisandutsa mtengo wa pa shelefu.

Tsiku limenelo anagula zinthu zinayi. Lupanga la +1 (limawonjezera 1 pa dayisi ukamatema), mkanjo woteteza, thumba lija limene mkati mwake ndi mwakukulu kuposa kunja, ndi tsache louluka. Zonsezo ndi za uncommon. Magolide 2,000 anapita, iwo akumwetulira.

Tsono ine ndinali nditatha masabata atatu ndikukonza ulendo wopita ku linga la achifwamba limene linali tsidya la phompho lalikulu. Ndinajambula mapu a mlatho wa zingwe, alonda ake, msilikali wina amene akanatha kumunyengerera ndi ziphuphu, kanjira kobisika kotsikira kumtsinje, ngakhale nkhalamba ina ya bwato imene ndinaikonzera kalankhulidwe kake. Ndinkayembekeza kuti zimenezi zitidyera Maloweruka awiri kapena atatu. Atafika m'mphepete mwa phompholo, mnzanga amene amagwira ntchito yowerengera ndalama anapempha buku. Anawerenga mokweza kuti tsachelo limanyamula mpaka mapaundi 400, amene ndi makilo pafupifupi 180, ndipo thumba lija limalowa katundu wa mapaundi 500 koma lokha limalemera mapaundi 15 basi. Anawerenganso kuti zolengedwa zopuma zikalowa m'thumbamo mpweya umakwana mphindi 10 kugawa ndi chiwerengero chawo. Anatseka buku. "Awiri alowe m'thumba, ali ndi mphindi 5. Awiri tikwera tsache. Tidikire kude." Ndinafunafuna lamulo lowaletsa, silinapezeke. M'buku la mu 2014 tsachelo silifuna n'komwe attunement, lamulo lija lonena kuti munthu mmodzi sangamangirire kwa iye zida zamphamvu zopitirira zitatu. Anawoloka, n'kukatera padenga la linga. Masabata anga atatu anatha m'mphindi khumi za pawotchi, nkhalamba ya bwato osatsegula n'komwe pakamwa.

Kunena zoona, tsiku limenelo anasangalala, ndipo nzeru imene anachita inali yabwino. Vuto linabwera m'masabata otsatira. Khoma lililonse, dambo lililonse, mtsinje uliwonse, yankho linali tsache. Ndinayamba kuika zilombo zouluka ndi oponya mivi paliponse, ndipo iwo anazindikira msanga kuti dziko lonse lasanduka mdani wa tsache lawo. Pamenepo DM sakuyendetsanso nthano, akulimbana ndi anzake. China chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti chuma cha m'mapanga chinasiya kukoma. Tsiku lina anapeza mkondo umene ndinaulembera mbiri ya tsamba lathunthu, wa mfumu ina imene inaphedwa ndi mphwake. Ndisanamalize chiganizo chachiwiri, mlamu wanga anafunsa kuti kusitolo kuja angaugule zingati.

Ndikawerengera tsopano ndimadziseka. M'buku la osewera, zovala zachitsulo zathunthu, zopanda tsenga lililonse, ndi magolide 1,500. Ine ndinagulitsa kuuluka pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa zovalazo. Komanso munthu waganyu m'dziko limenelo amalandira masiliva 2 patsiku, ndipo masiliva 10 ndiwo golide mmodzi. Ndiye kuti tsachelo ndi ganyu wa masiku 2,500, pafupifupi zaka 7 osadyapo kanthu. Kwa mlimi ndi chuma chosalota, koma kwa mfumu kapena wamalonda wamkulu ndi ndalama ya m'thumba. Kukanakhala kuti masache otere amagulitsidwa pa kauntala, bwenzi amithenga onse a mfumu akuuluka, bwenzi malinga ali ndi madenga achitsulo, ndipo achifwamba anga sakanataya nthawi kulondera mlatho. Sitolo imodzi ija inasintha dziko lonse, ine osaganizirapo.

Kampeni imeneyo itatha ndinalumbira. Yotsatira ndinalengeza kuti kulibe sitolo ya zamatsenga, kulibe wogulitsa, chilichonse azichipeza ndi thukuta. Mnzanga wowerengera ndalama uja anatsutsa zolimba. Iye anazolowera mtundu wakale wa gemuyi wotchedwa 3.5, umene unatuluka mu 2003, ndi Pathfinder, gemu yofanana nawo ya kampani ya Paizo imene inatuluka mu 2009. Kumeneko, anatero, chilichonse chili ndi mtengo wake weniweni: kuika +1 pa lupanga ndi 2,000, +2 ndi 8,000, +3 ndi 18,000. Kandodo kochiritsa mabala ang'onoang'ono ndi 750 ndipo kamagwira maulendo 50. Pali ngakhale tebulo losonyeza chuma chimene munthu ayenera kukhala nacho pa levulo iliyonse. Ndinamuyankha kuti ife tikusewera mtundu wachisanu, wa buku la mu 2014 lija, umene anaupanga mwadala kuti manambala asamakwere kwambiri ndipo munthu athe kulimbana ndi zilombo za msinkhu wake ngakhale alibe zida zamatsenga. Pamenepo ndinkanena zoona. Iyenso ankanena zoona pa mitundu yake ija, chifukwa kumeneko zilombo anazipima poganizira kuti osewera agula zida zoyenera, ndipo DM amene angatseke malonda osasintha china chilichonse akupha anthu ake pang'onopang'ono. Ngati mukusewera 3.5 kapena Pathfinder, zimene ndinachita inezi musayese n'komwe musanawerenge mmene mungabwezeretsere manambala otayikawo.

Koma ngakhale mu mtundu wachisanu, kutseka zonse kunandibweretsera matenda ena. Golide anasanduka mchenga. Pofika levulo 7 anali ndi magolide oposa 9,000 olembedwa pa pepala la mnzanga uja, wankhondo atagula kale zovala zake zachitsulo, kulibenso chofuna. M'mitundu yakale kwambiri ya gemuyi golide aliyense amene watuluka naye m'phanga ankakupatsa mapointi okwerera levulo, ndiye anthu ankamufera. Mu mtundu wachisanu mulibe zimenezo. Tsiku lina ndinawaikira bokosi la chuma kuseri kwa msampha, ndikuyembekeza kuti akangana za mmene alitengere. Msuweni wanga anangoti, "Achimwene, tilisiye. Golideyo tidzamuphika?" Anadutsa. Bokosi lili pomwepo mpaka lero.

Choipitsitsa chinachitikira mlamu wanga. Ndinawakumanitsa ndi werewolf, munthu wosanduka mmbulu uja. M'buku la zilombo la mu 2014 chilombo chimenechi sichivulala ndi chida wamba pokhapokha chikhale chamatsenga kapena chokutidwa ndi siliva. Wamatsenga wa gulu ankaponya moto, wansembe ankaponya kuwala, koma mlamu wanga, amene munthu wake ntchito yake yonse ndi kutema, anatema katatu n'kumva ine ndikunena katatu kuti lupanga langodutsa ngati watema madzi. Ulendo wachinayi sanatolenso dayisi. Anatenga foni n'kuyamba kuona zigoli za mpira. Kukutira chida ndi siliva ndi magolide 100 okha m'buku la osewera, ndipo iwo anali ndi 9,000, koma chifukwa ndinali nditawawopseza kuti kulibe chogula, palibe anaganiza zofunsa kwa wosula zitsulo, ndipo ine sindinawapatse mphekesera iliyonse yowachenjeza. Kulakwa kunali kwanga. Pamene mulibe malonda, amene amavutika kwambiri ndi osewera a lupanga ndi uta, chifukwa wamatsenga mphamvu zake zimakula zokha akamakwera levulo, pomwe wankhondo zambiri zatsopano zimene angachite zimabwera ndi zida.

Usiku umenewo mlamu wanga anatsalira kundithandiza kulowetsa mipando. Sanadandaule. Anangoti, "Alamu, kugula sikulakwa ayi. Kulakwa ndi kugula kopanda nkhani." Kenako anandikumbutsa mmene anagulira galimoto yake yoyamba: mwezi wathunthu akufunsa kwa anthu, wina kumulozera kwa wina, dobadoba kudyapo yake, mwini galimoto kusintha maganizo kawiri, mpaka kukagwirizana pamaliro a munthu wina ku Dedza. Galimotoyo inafa kalekale koma nkhani yake amaikambabe. Buledi amene anagula m'mawa womwewo sangakuuzeni anamugula pa okala iti.

Kuyambira pamenepo ndimasiyanitsa buledi ndi galimoto. Zinthu zimene zimatha ukazigwiritsa ntchito ndimagulitsa mosavuta. Kabotolo ka mankhwala ochiritsa kali kale m'buku la osewera pa magolide 50, ndipo kamabwezeretsa moyo wa 2d4+2 (madayisi awiri a mbali 4, kuwonjezerapo 2), ndiye palibe chifukwa chokabisira. Amakapeza kukachisi kapena kwa mayi wina wa zitsamba, koma osati mulu. Akafika m'tauni ndimaponya dayisi ya mbali 4, chimene chatuluka ndicho chiwerengero cha timabotolo timene tilipo mwezi umenewo. Mipukutu ya matsenga ang'onoang'ono chimodzimodzi. Miyala ya dayamondi imene wansembe amafuna podzutsa wakufa, ya 300 pa tsenga lotchedwa revivify ndi ya 500 pa lotchedwa raise dead, imapezeka m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo zimenezi zokha zinapangitsa golide kukhalanso ndi fungo. Zinthu zotha zili ndi ubwino umodzi waukulu kwa DM: ukalakwitsa mtengo, cholakwacho chimamwedwa n'kutha. Tsache silitha.

Zida zokhalitsa ndiye galimoto ija. Zimagulika, koma palibe shelefu. Ndinabwereka njira ya m'buku la Xanathar's Guide to Everything la mu 2017, imene imati wofuna kugula chida chamatsenga ataye sabata imodzi ya ntchito ndi magolide osachepera 100 pofunafuna wogulitsa, kenako aponye dayisi kuti tione zimene zapezeka. Ine ndinangowonjezapo nkhope. Wogulitsa aliyense ndi munthu, ali ndi chifukwa chogulitsira, ndipo nthawi zambiri chifukwacho ndicho chimabala ulendo wotsatira. Wina ndi mwana wa mfumu amene wamira mu katapila ndipo akugulitsa mphete ya bambo ake mobisa. Wina ndi wapinyolo amene sakufuna kufunsidwa kumene chishango chinachokera. Kamodzi ndinachititsa okushoni m'nyumba ya wamalonda wina, ndipo ndinatengera liwiro la mawu a ogulitsa fodya ku Kanengo mpaka lilime linandipindika. Msuweni wanga anapikisana ndi mkazi wina wovala chophimba kumaso, anagonja pa 3,200, ndipo gulu lonse linatha Maloweruka awiri likufufuza kuti mkaziyo ndi ndani. Chida sanachipeze, koma palibe anatenga foni.

Pa mitengo, ndinasiya kukhulupirira mawu akuti uncommon ndi rare. Onani izi: mkanjo woteteza ndi mphete yoteteza zimachita chinthu chimodzi ndendende, +1 pa chitetezo ndi +1 pa kupulumuka, zonse zimafuna attunement, koma mkanjo ndi uncommon pomwe mphete ndi rare. Mukatsatira tebulo mwakhungu, chimodzi chikhoza kudula kakhumi kuposa chinzake popanda chifukwa. Buku la DM latsopano la mu 2024 linaika mitengo yokhazikika, 400 pa uncommon, 4,000 pa rare, 40,000 pa very rare, ndipo zimathandiza kuyambirapo, koma funso limene ndimadzifunsa ndisanatchule mtengo ndi lina: chidachi chikuwonjezera nambala, kapena chikufafaniza mtundu wathunthu wa mavuto? Lupanga la +1 limangothandiza kutema bwino pang'ono, ndipo sindiliopa. Chimene chimaulutsa munthu tsiku lonse, chimene chimamubisa osaoneka nthawi iliyonse imene wafuna, chimene chimatulutsa madzi kapena chakudya chosatha m'nthano ya m'chipululu, zimenezo ndiye zimadya masabata atatu a DM. Zoterezo ndimazikweza mtengo kwambiri, kapena ndimazichedwetsa mpaka pamene wamatsenga wa gulu akutha kale kuchita zofanana nazo ndi matsenga ake.

Zida zikuluzikulu zenizeni sindigulitsa ndi golide ngakhale pang'ono. Zili m'manja mwa mafumu, akachisi ndi mabanja akale, ndipo munthu sagulitsa chinthu chimene chikusunga mpando wake. Angakubwereke, angakupatse ngati malipiro a ntchito yoopsa, angafune chikole.

Pali kachizolowezi kamodzi kamene ndinatola ku mtundu wachinayi wa mu 2008, kamene anthu ambiri amakanyoza: kufunsa osewera zida zimene akulakalaka. Aliyense amandilembera zitatu pa WhatsApp. Sindilonjeza kanthu. Koma pakapita miyezi, chimodzi mwa izo chimatulukira m'manja mwa mdani, kapena m'mphekesera ya kumalo omwera mowa. Munthu amene ankafuna sitolo nthawi zambiri chimene ankafuna si sitoloyo, koma kukhala ndi mawu pa mmene munthu wake akulire. Mnzanga wowerengera ndalama uja, amene ankatsutsa kwambiri, anakhutira ndi zimenezi kuposa wina aliyense, ngakhale amandinenabe kuti chuma cha dziko langa sichingapirire kafukufuku wa mabuku.

Kugulitsa nakonso ndinakutsegula, poti munthu wopeza nkhwangwa yamatsenga pomwe gulu lonse palibe wogwira nkhwangwa ayenera kukhala ndi kopita nayo. Apa ndinabwereka nzeru ya 3.5, imene inkaika malire a mtengo wa chinthu chopezeka pamalo malinga ndi kukula kwake: mudzi 200, tauni yaing'ono 800, mzinda waukulu kwambiri 100,000. Sinditsatira manambalawo ndendende, koma mfundo yake ndi yomveka kwa aliyense amene anayesapo kugulitsa ng'ombe pamsika wa tomato. Kumudzi kulibe munthu wa 4,000. Akafuna mtengo wabwino ayende ulendo, ndipo panjira anthu amve kuti anyamula chiyani.

Zonsezi ndi za dziko langa, limene matsenga ndi osowa. Mukanandiuza kuti mukusewera ku Eberron, dziko limene Keith Baker anapanga ndipo linatuluka mu 2004, kumene kuli sitima zoyenda ndi matsenga ndipo banja la Cannith limapanga zida ngati fakitale, ndikanati tsegulani masitolo, kuwatseka n'kumene kungakhale kunama. Chachikulu n'kuwauza anzanu tsiku loyamba, asanasankhe anthu awo, kuti m'dziko lino n'chiyani chimagulika. Mlamu wanga akanadziwa kuti ndatseka zonse, mwina sakanasankha wankhondo.

Loweruka lapitali munthu wake anafika pakhomo pa mayi wina wamasiye amene anthu amati akusunga lupanga la malemu mwamuna wake pansi pa mphasa. Mlamu wanga anakhala bwino pampando, n'kuyamba kunenerera ngati ali ku Tsoka. Anayamba ndi 1,500. Ine, ndikulankhula ngati mayiyo, ndinafunsa ngati wadya. Anakweza kufika 2,500. Mayiyo anayamba kukamba za mvula. Atafika pa 4,000, mayiyo anatulutsa lupangalo, n'kulifunyulula pansalu, n'kuliika pakati pawo. Anati golide alibe naye ntchito pa msinkhu wake. Mwana wake wamwamuna anapita ndi gulu la achifwamba zaka zitatu zapitazo, ku linga lina la tsidya la phompho, ndipo akufuna amuone asanafe, wamoyo kapena mafupa ake.

Mlamu wanga anandiyang'ana nthawi yaitali. "Linga la tsidya la phompho. Alamu, lili ndi mlatho wa zingwe?"

Ndinati lili nawo. Mapu aja sindinawataye.